Malaputopu a ku Rumphi ndi ulendo wobwerera kufakitale

Kuyambira pa 14 Okutobala 2025, tsiku lomwe kampani yopanga Windows inasiya kutumiza zigamba zachitetezo za Windows 10, okonza makompyuta pa boma la Rumphi akhala akulandira ntchito ya mtundu umodzi mobwerezabwereza, ya anthu obwera ndi laputopu yomwe inasinthidwa pulogalamu yaikulu yoyendetsera makinawo, ndipo tsopano mwini wake akufuna kuti ibwerere mmene inalili potuluka kufakitale. Pulogalamu yaikuluyi, yomwe amisiri amaitchula ndi dzina la Chingerezi loti operating system, ndiyo imadzuka koyamba munthu akayatsa makina, n'kulumikiza kiyibodi, sikirini, disiki ndi mapulogalamu ena onse, kotero kuti woisintha amakhala ngati wagwetsa nyumba yonse n'kumanga ina pa malo omwewo. Zigamba zachitetezo zomwe zasiya kubwerazo ndi timapulogalamu ting'onoting'ono tomwe timatseka mipata yomwe akuba a pa intaneti aitulukira, ndipo tinkafika mwezi uliwonse popanda mwini makina kudziwa n'komwe.

Windows 10 inatuluka mu Julaye 2015, ndipo kwa zaka khumi ndiyo yakhala ikuyendetsa makina a aphunzitsi, ophunzira, alangizi a zaulimi ndi alembi a magulu a alimi a fodya ku Bolero ndi ku Hewe kapena a khofi ku mapiri a Phoka. Yolowa m'malo mwake, Windows 11, yomwe inatuluka mu Okutobala 2021, ili ndi zofuna zomwe makina akale sazikwanitsa, makamaka kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndiponso processor, womwe ndi ubongo wowerengera wa makinawo, ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo pa mitundu yofala kuno ya Core i3, i5 ndi i7. Malaputopu ambiri ofika m'bomali ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, ena otumizidwa ndi achibale okhala ku Johannesburg, ena olowera pa chipata cha Songwe kuchokera ku Dar es Salaam, ndipo si ochepa omwe anapangidwa chaka cha 2018 chisanafike. Uthenga womwe unayamba kudzaza sikirini, wochenjeza kuti nthawi ya Windows 10 yatha, unaopseza eni makina oterewa koma osawapatsa kolowera, chifukwa makina omwewo akawayesa pa Windows 11 ankakanidwa.

Apa ndi pomwe Linux inalowera, makamaka kudzera mwa achinyamata omwe anaphunzirako za makompyuta ku Mzuzu kapena pa phiri la Khondowe. Linux ndi pulogalamu yoyendetsera makina yomwe salipira, ndipo ili ndi mitundu yambiri, mwa iyo Linux Mint ndi Ubuntu, yomwe inayamba kutuluka mu 2004 ndipo dzina lake ndi mawu a Chizulu ndi Chixhosa ofanana ndi umunthu wa m'Chichewa. Ubuntu 24.04 ikhala ikulandira zigamba zachitetezo mpaka 2029, imathamanga bwino pa makina okalamba, ndipo mavayirasi omwe amafala pa mafulashi m'malo osindikizira mapepala saigwira. Uphungu wosamukira kumeneko si wolakwika ayi. Vuto limabuka pamene wosamukayo wakhala milungu ingapo m'nyumba yatsopanoyo, n'kuona kuti sakuizolowera, ndipo akufuna kubwerera.

Ambiri amafika kwa wokonza ali ndi chithunzi cha foni m'maganizo. Foni ikasokonezeka, munthu amasankha kuibwezera mmene inalili ili yatsopano, ndipo pakangopita mphindi zochepa imadzuka yoyera, chifukwa pulogalamu yake yaikulu imakhala pa malo otetezedwa omwe mwini foni sawakhudza, ndipo zomwe zimafufutidwa ndi zithunzi, manambala ndi zina zomwe iye anaikamo. Laputopu inapangidwa mosiyana. Disiki yake imagawidwa m'zigawo, zomwe amisiri amati mapatishoni, ndipo zipangizo zobwezerera makina zimakhala m'zigawo zomwezo, pa disiki yomweyo yomwe mwini wake ali ndi ufulu wonse woifufuta. M'nthawi ya Windows 7 ndi Windows 8, opanga malaputopu ankabisa chigawo chachikulu chokhala ndi kope lathunthu la zonse zomwe anaikamo kufakitale, ndipo munthu ankalifikira podina batani linalake makina akamayaka, pa ena F11, pa ena F9, pa ena Alt pamodzi ndi F10, pa ena kabatani kobisika m'mbali kodina ndi singano. Kuyambira pa Windows 10, njira yotchedwa Reset this PC imamanganso pulogalamuyo pogwiritsa ntchito mafayilo a Windows yomwe ilipoyo, mothandizidwa ndi kachigawo kakang'ono kobisika. Njira zonse ziwirizi zimadalira zomwe zili pa disiki, ndipo woika Ubuntu akasankha mzere wouza makina kuti afufute disiki yonse, chigawo chobisika chija chimapita pamodzi ndi zina zonse.

Mwa anthu omwe wolemba nkhaniyi anawaona akudikira pa benchi la malo ena okonzera mafoni ndi makompyuta pa bomapo, panali mayi wina wophunzitsa pa sukulu ya sekondale yoyendera ya kumbali ya Bolero, yemwe anakwera galimoto m'mamawa atakulunga laputopu yake m'chitenje kuiteteza ku fumbi la mu msewu. Inali laputopu yakuda, yolemera, ya mtundu womwe makampani akunja amagulira antchito awo, yokhala ndi Core i5 ya m'badwo wachisanu ndi chiwiri, kutanthauza kuti inaphonya malire a Windows 11 ndi m'badwo umodzi wokha. Kunsi kwake kunali kachikwangwani komatidwa kokhala ndi nambala ya katundu ya ofesi ina yakunja, kofufutika theka, ngodya imodzi inali yosweka n'kumangidwa ndi tepi yakuda, zilembo za A ndi E zinali zitatha pa mabatani, ndipo batire lake silinkafika ola limodzi. Mchimwene wawo ndiye anawatumizira kuchokera ku Johannesburg, ndipo kwa zaka zingapo zonse za ntchito yawo zinkakhala mmenemo: ndondomeko za maphunziro a teremu, mafunso a mayeso a zaka zam'mbuyo omwe ankawasintha pang'onopang'ono, ndandanda ya malikisi a ophunzira, makalata a komiti ya amayi a kutchalitchi, ndi zithunzi za mwambo woika chiliza pa manda a bambo awo.

Yemwe anasintha makinawo ndi mwana wa mchimwene wawo yemweyo, wophunzira wa ku koleji yemwe anabwera kudzapuma tchuthi, ndipo anachita izi ndi mtima wofuna kuthandiza ankhazi ake, monga azakhali amatchulidwira m'Chitumbuka. Ataona uthenga wochenjeza uja, anawafotokozera za Ubuntu, anakopera pa fulashi foda yotchedwa Documents, n'kuika pulogalamu yatsopanoyo madzulo amodzi. Chomwe sanadziwe n'chakuti ankhazi akewo, monga anthu ambiri omwe anadziphunzitsa okha kompyuta, sankasunga kanthu mu foda imeneyo, chifukwa chilichonse ankachiika poonekera, pa sikirini yoyamba ija, pomwe ankatha kuchipeza ndi maso. Makina anayamba kuyaka mofulumira kuposa kale, ndipo masiku oyamba onse anakondwa, poganiza kuti mafayilo ali pa fulashi. Mnyamatayo atabwerera kusukulu, mayiwo anatsegula fulashiyo n'kupezamo makalata ochepa akale okha. Kuwonjezera apo, mafomu omwe anzawo ankawatumizira ankatseguka mu LibreOffice, pulogalamu yolembera yomwe anali nayo pa Ubuntu, koma mizere inkasuntha, tsamba limodzi linkasanduka awiri chifukwa cha kusiyana kwa zilembo, ndipo mphunzitsi mnzawo yemwe ankawathandiza zikavuta anangoti iyeyo zoterezi sanazionepo.

Wokonza yemwe anawalandira, bambo wachikulire yemwe anayamba ndi mawailesi asanafike pa makompyuta, ankawaitana kuti asambizgi, kutanthauza aphunzitsi m'Chitumbuka, ndipo anayamba ndi kuwaonetsa m'malo mowauza. Anazimitsa makina, anawayatsa akudina F11 mobwereza, ndipo pa sikirini panangotuluka chizindikiro cha Ubuntu. Anabwereza katatu kuti mayiwo akhutire kuti khomo lomwe ankalifuna kulibenso. Kenako, asanalembe kalikonse pa disiki, anayatsa makinawo kudzera pa fulashi yake n'kuyendetsa pulogalamu yofufuza zotsalira za mafayilo ofufutidwa. Mwayi unalipo pang'ono chifukwa disiki yake inali yachikale, ya mbale zozungulira, pomwe chofufutidwa chimakhalabe pamalo pake mpaka china chitalembedwa pamwamba pake. Ikanakhala SSD, disiki yatsopano yopanda chozungulira yomwe imayeretsa yokha malo ofufutidwa, chiyembekezo chikanakhala chochepa kwambiri. Ntchitoyo inatenga maola, magetsi anazima pakati, makinawo anawalumikiza ku batire la sola, ndipo zomwe zinatuluka zinali mafayilo masauzande opanda mayina awo akale, ongokhala ndi manambala, osakanikirana ndi tizithunzi topanda ntchito ta masamba a pa intaneti.

Mayiwo anakhala pa mpando wapulasitiki masana onse, magalasi ali pamphuno, akutsegula fayilo imodziimodzi. Zithunzi zambiri za pa chiliza zinapezeka, zina zitadulidwa pakati ndi mzere wotuwa. Mafunso a mayeso anapezeka ena. Ndandanda ya malikisi ya teremu yomwe inali mkati sinapezeke, chifukwa milungu yomwe makinawo anagwira ntchito ndi Ubuntu inali italemba zatsopano pamwamba pake, ndipo mayiwo anangoti akayambiranso kuchokera m'makope a ana.

Zitatha izi m'pamene funso lenileni linadzuka, loti pa disikiyo paikidwe chiyani, ndipo pa funso limeneli wokonza wachikulireyo anasemphana ndi mnyamata yemwe amagwira naye ntchito, mkangano womwe ukumvekanso m'malo ena okonzera makompyuta. Mfundo yomwe onse awiri ankagwirizana ndi yomwe eni makina ambiri saidziwa, yakuti chiphaso cha Windows sichifa disiki ikafufutidwa. Pa makina a nthawi ya Windows 7, nambala ya chiphaso, ya zilembo ndi manambala 25, inkamatidwa kunsi kwa laputopu pa kapepala komwe kankafufutika ndi thukuta ndi kutentha. Kuyambira pa Windows 8 mu 2012, opanga makina anayamba kuilemba mkati mwa bolodi lalikulu, m'gawo lomwe amisiri amati BIOS kapena UEFI, komwe kufomata sikufika. Munthu akaika Windows yeniyeni yogwirizana ndi chiphasocho, pulogalamu yoikirayo imawerenga yokha nambalayo, imasankha yokha ngati ndi Home kapena Pro, ndipo makina akangolumikizidwa ku intaneti amavomerezedwa popanda kulipira tambala. Laputopu ya mayi uja inali ndi chiphaso cha Windows 10 Pro chomwe ofesi yakunja ija inalipira kalekale.

Bambo wachikulireyo ankaona kuti nkhani yathera pomwepo. Kasitomala wapempha kuti makina abwerere mmene analili, ndipo chapafupi kwambiri ndi pempholo ndi Windows 10 yoyera, yotengedwa kwa eni ake, yoikidwa kudzera pa fulashi ya 8GB kapena kuposerapo, yovomerezedwa ndi chiphaso cha makinawo. Ankanena kuti laputopu ya mphunzitsi wa kumudzi imalowa pa intaneti mwa apo ndi apo, pamene mwini wake wagula bandulo n'kuilumikiza ku foni, ndipo mdani wake wamkulu si wakuba wa kutsidya kwa nyanja koma vayirasi ya pa fulashi, ija imabisa mafoda n'kusiya njira zachidule zabodza, yomwe imatengedwa posindikiza mayeso. Pulogalamu yolimbana ndi mavayirasi yomwe imabwera ndi Windows 10 ikupitirizabe kulandira mndandanda watsopano wa mavayirasi, ndipo kwa iye zimenezo n'zokwanira. Anakumbutsanso kuti pali chaka chimodzi chowonjezera cha zigamba zachitetezo, mpaka pa 13 Okutobala 2026, kwa omwe makina awo ali ndi Windows 10 yomaliza, ya 22H2, yovomerezeka, ndipo alembetsa pogwiritsa ntchito akaunti ya pa intaneti.

Mnyamatayo sankatsutsa kuti zimenezo n'zoona, koma ankati kubwezera munthu ku Windows 10 lero ndi kumulowetsa m'nyumba yomwe mwini wake walengeza kuti sadzafoleranso denga, ndipo chaka chowonjezeracho chimangochedwetsa mvula yoyamba. Ankanenanso kuti chithunzi cha mphunzitsi wosalowa pa intaneti chikutha, chifukwa mafomu, maphunziro apamwamba ochitira kunyumba, ngakhale za kubanki zikusamukira komweko, ndipo mpata umodzi wosatsekedwa ndi wokwanira. Njira yake inali yokakamiza Windows 11 kulowa pa makinawo, zomwe zimatheka pokonza fulashi mwa njira yoti pulogalamu yoikira isafunse za TPM kapena za m'badwo wa processor, ndipo chiphaso cha Windows 10 chimavomerezanso Windows 11. Wachikulireyo ankayankha kuti opanga Windows ananena poyera kuti makina olowetsedwa mokakamiza alibe lonjezo lolandira zigamba, kuti mtundu uliwonse wa Windows 11 Home kapena Pro umathandizidwa kwa miyezi 24 yokha, ndiponso kuti makina oterewa nthawi zambiri sasamukira okha ku mtundu wotsatira, kotero kuti mayi wa ku Bolero adzayenera kukweranso galimoto kubwera pa boma nthawi imeneyo ikakwana, ngati adzadziwe n'komwe kuti yakwana. Mnyamatayo ankati ulendo umodzi pa zaka ziwiri ndi wopepuka poyerekeza ndi makina osatetezedwa tsiku lililonse.

Mkanganowu ndi wovuta kuuweruza chifukwa aliyense mwa awiriwo akuyeza ngozi yosiyana, wina ya lero yomwe amaiona ndi maso pa mafulashi a makasitomala, wina ya mawa yomwe sioneka mpaka itagwa. Koma pansi pa zonsezi pali funso lomwe onse awiri analidumpha, loti mawu akuti kufakitale akutanthauza chiyani pa makina omwe anafika kuno atadutsa m'manja atatu kapena anayi. Laputopu yochokera ku ofesi yakunja imafufutidwa isanagulitsidwe, pofuna kuteteza zinsinsi za ofesiyo, ndipo wogulitsa wa ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam amaikamo Windows yakeyake, nthawi zambiri pamodzi ndi mapulogalamu omwe akuganiza kuti akopa wogula. Kope la kufakitale lija linatha makinawo asanawoloke chipata cha Beitbridge kapena cha Songwe. Zomwe mayi uja ankazikumbukira ngati chiyambi cha makina ake zinali ntchito ya wogulitsa wina wosadziwika, ndipo ngakhale mwana wa mchimwene wawo akanapanda kukhudza kanthu, batani la F11 mwina silikanawafikitsa komwe ankaganiza. Opanga malaputopu ena amalola munthu kutenga kope la kufakitale pa intaneti polemba nambala ya makina ake, koma si pa mitundu yonse, ndipo kopelo ndi la magigabayiti angapo, lomwe kulikoka pa netiweki ya foni ku Katowo kapena ku Mphompha ndi ntchito yodya bandulo ndi tsiku.

Umboni wa mfundoyi unaoneka pamene mayiwo anafunsa ngati Word ndi Excel zibwerera. Kwa iwo, monga kwa anthu ambiri, mapulogalamu awiriwa ndi gawo la Windows, chifukwa chiyambire sanaonepo kompyuta yopanda iwo. Koma ndi katundu wina wokhala ndi chiphaso chake cholipira padera, chomwe sichilembedwa mu bolodi, ndipo omwe anali pa makina awo poyamba anaikidwa ndi wogulitsa uja mwa njira yozembera. Apa ndi pomwe pamalowera njira yachitatu, yomwe siitchulidwa mokweza koma ndiyo yofala kwambiri m'misika: fulashi yokhala ndi Windows yosinthidwa ndi anthu osadziwika, yochotsedwa zina kuti ipepuke, yothyoledwa kale loko wa chiphaso, yobwera ndi Word, Excel ndi zoonerera mafilimu nthawi imodzi. Kasitomala amanyamuka pasanathe ola ali wokondwa, pakuti zonse zomwe amazidziwa zili pa sikirini. Ndi chikomekome cha mkuyu, chifukwa Windows yotere kawirikawiri imakhala yozimitsidwa zigamba ndi chitetezo kuti chothyolera chiphaso chisagwidwe, ndipo palibe wokonza wa pa Rumphi kapena pa Mzuzu yemwe angalumbire kuti akudziwa zonse zomwe anaikamo omwe anaikonza.

Pa mfundo iyi yokha wolemba nkhaniyi sakuona mbali ziwiri. Kuika Windows yothyoledwa pa makina omwe ali kale ndi chiphaso chenicheni mu bolodi ndi kulanda munthu chinthu chomwe ndi chake, n'kumupatsa chobedwa m'malo mwake, iye osadziwa kuti wataya kanthu. Pakati pa Windows 10 yoyera ndi Windows 11 yokakamiza, munthu woganiza bwino akhoza kusankha iliyonse, malinga ngati mwini makina wauzidwa m'chilankhulo chomwe akumva kuti yoyambayo ili ndi tsiku lothera ndipo yachiwiriyo ilibe lonjezo. Ngakhale kukhalabe pa Ubuntu, komwe mwana wa mchimwene uja anapitiriza kulimbikitsa pa foni mkangano uli mkati, ndi njira yolemekezeka kwa yemwe ali ndi womuthandiza pafupi. Chomwe chinapweteka mayi uja si Ubuntu ngati pulogalamu, koma kusintha kochitika madzulo amodzi popanda kukopera disiki yonse pena, popanda kupanga fulashi yobwezerera yomwe Windows imalola kupanga isanachotsedwe, ndiponso popanda kuyesa kaye pulogalamu yatsopanoyo kuchokera pa fulashi, zomwe Ubuntu imalola munthu kuchita osakhudza disiki.

Mayiwo anasankha Windows 10, ponena kuti teremu ili mkati si nthawi yophunzira zachilendo kachiwiri, ndipo za Windows 11 adzaziona pa tchuthi. Kuika kwake kunali ndi zokhumudwitsa zake. Pulogalamu yoikira Windows siimatha kulemba pa zigawo zomwe Linux inakonza, chifukwa ziwirizi zimasanja mafayilo mosiyana, ina mwa njira ya NTFS ina ya ext4, choncho wokonzayo anafufuta zigawo zonse n'kusiya disiki ili bwalo limodzi. Nambala ya chiphaso sinafunsidwe. Makina atadzuka, mawu sankamveka bwino ndipo mabatani owonjezera kuwala sankagwira, chifukwa panalibe ma driver, timapulogalamu tomwe timaphunzitsa Windows kulankhula ndi chipangizo chilichonse cha makinawo, ndipo ndi timeneti tomwe kope la kufakitale limakhala nato kale. Anawalumikiza ku foni ya mayiwo ndi chingwe, chiphaso chinavomerezedwa, koma Windows inayamba kukoka zigamba zonse zomwe inatsalira, ndipo bandulo yomwe anagula m'mawa inatha ntchito isanafike pakati. Za Word anagwirizana kuti ayambe aika LibreOffice yomweyo, yomwe imagwiranso pa Windows, uku mayiwo akufunsa ngati kusukulu kwawo kuli chiphaso chomwe angagwiritse ntchito, chisankho chomwe sichinawasangalatse kwenikweni popeza ndi pulogalamu yomwe ankaithawa.

Dzuwa likupendekera kumadzulo, chomwe chinatsala chinali kukonza wotchi, yomwe inkaonetsa nthawi yolakwika. Linux imasunga nthawi ya mu bolodi motsatira nthawi ya dziko lonse, pamene Windows imaiwerenga ngati nthawi ya komwe munthu ali, ndipo n'chifukwa chake omwe amasunga mapulogalamu onse awiri pa laputopu imodzi kuno amapeza wotchi ikusiyana ndi maola awiri akachoka ku ina kupita ku inzake. Pa mndandanda wa madera a nthawi, Ubuntu ili ndi Blantyre, koma Windows ilibe mzinda wa m'Malawi, ndipo wokonzayo anasankha mzere wa Harare ndi Pretoria monga amachitira masiku onse. Mayiwo, akukulunganso makina awo m'chitenje, anakumbukira kafayilo kena komwe sikanapezeke m'masauzande aja, komwe munali chilembo chimodzi chokha, ŵ, chomwe mnzawo wina anawatumizira zaka zapitazo ndipo ankachikopera nthawi iliyonse polemba mawu a Chitumbuka m'makalata a kutchalitchi, popeza pa kiyibodi palibe batani lake. Mnyamata wa pa malo okonzera uja anawalembera pa kapepala kuti chilembocho chimatuluka polemba 0175 kenako kudina Alt pamodzi ndi X, ndipo iwo anakapinda n'kukaika m'chikwama cha foni asanathamangire galimoto yomaliza ya ku Bolero.